Grischun, Mwini Zigwa 150

Mbalule, yamba. Mpanje, tsatira. Gunda, gwira pansi. Amayi, nthungululu zisachedwe. Abambo, manja alire. Ana, senderani kutsogolo, pakuti amene tikumutchula lero ndi wakutali, ndipo mayina ake sangathe ndi mpweya umodzi.

Ndinu, a Grischun! Ana anu olankhula Chijeremani amati Graubünden, olankhula Chitaliyana amati Grigioni, olankhula Chiromanshi amati Grischun, koma onsewo ndi a bere limodzi. Inu a kum'mawa kwa Switzerland, chigawo chachikulu kuposa zinzake zonse m'dzikomo. Mwini zigwa 150. Msenzachipale. Chitsekanjira. Inu amene chipewa chanu ndi Piz Bernina, nsonga yopitirira mamita 4,000, yoti Sapitwa wa ku Mulanje ataima pambali pake angaperewere ndi mamita 1,000. Ndinu Mgawamadzi: pampata wa Lunghin dontho la mvula limagwa lisanadziwe kwawo. Likapendekera kumpoto lipita ndi Rhine, likapendekera kum'mawa lipita ndi Inn kukalowa mu Danube, likapendekera kum'mwera likathira mu Po. Nyanja zitatu zimamwera m'chikho chanu.

Ndinu Sagwadira, ndinu Mkanagoli. Mu 1424 akuluakulu a zigwa zanu adakumana patsinde pa mtengo ku Trun nalumbira kuti adzatetezana. Mtengowo udagwa ndi mphepo mu 1870, koma wina wa mbewu yake waima pomwepo. Mudalowa m'chitaganya cha Switzerland mu 1803 muli kale ndi mabwalo anuanu. Ndi inu amene mudakaniza galimoto m'misewu yanu kuyambira 1900 mpaka 1925, amuna anu akuvota mobwerezabwereza kuti phokoso la injini lisadzidzimutse akavalo.

Mpanje, tsitsa mawu, tinene zoona, pakuti wotamanda wabodza amaipitsa bwalo. Ndinu Gogo Woumira, a Nkhokwe-n'njaing'ono. Chisanu chanu n'chachitali, chilimwe chanu n'chachifupi. Udzu umene mumapereka m'miyezi yochepa ya dzuwa, ana anu amaumweta pamatsitso poti munthu akaterereka sabwerera, nauyanika, nausenza, chifukwa ng'ombe idzadya womwewo miyezi yonse imene khola lidzakhale lotseka. Ku Juf, mudzi wokhala anthu chaka chonse pamtunda wa mamita 2,126, mudawamana ngakhale mtengo wa nkhuni, mpaka makolo ankaumitsa ndowe za ziweto kuti apeze moto. Ku Stampa mumabisa dzuwa kuseri kwa mapiri pafupifupi miyezi itatu. Ndinu Mpirikitsaana: ana a m'mabanja osauka, ena osakwana zaka 10, ankadutsa mipata yanu wapansi chipale chisanasungunuke, ulendo wa ku Ravensburg m'dziko la Germany, kumene alimi ankawasankha pamsika kuti akawete ng'ombe. Mu Novembala ankabwerako ndi nsapato, zovala ndi tindalama tochepa.

Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndinu Make Ophika Zotsekemera! Ana anu adatsikira ku Venice, naphunzira shuga ndi khofi, nagwira masitolo a makeke a mumzindamo mpaka eni mudzi adapsa nawo mtima. Mu 1766 Venice adawalanda ufulu wa malonda, iwo nabalalika ndi mauvuni awo Ulaya yense: a Josty ku Berlin, a Caflisch ku Naples, a Castelmur ku Marseille. Mbiri yanu yakomera apa, kuti ankabwerera. Ku Engadin amawatcha anamzeze, poti chilimwe chikafika ankangotulukira. Ndalama ya shuga idamanga mzere wa nyumba zokongola ku Poschiavo, za amene adalemerera ku Spain, ndipo idakulitsa nyumba ya Castelmur m'chigwa cha Bregaglia. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Ndinu a Khoma-lolankhula, ndinu Mlembapalaimu! Taonani mmisiri wa ku Engadin ali pamakwerero. Wayamba wamata khoma ndi matope odera a mchenga ndi laimu. Pamwamba pake wapakapo laimu woyera mbee. Tsopano akuthamangitsana ndi dzuwa, chifukwa khoma likauma ntchito yathera pomwepo. Watenga msomali kapena kampeni, akukanda choyeracho chikadali chachinyontho, ndipo mtundu wodera wapansi uja ukutulukira mzere ndi mzere: maluwa ozungulira, mafunde, nsomba, zinjoka, mbuzi ya m'mapiri ya nyanga zokhota, ndi mwambi pamwamba pa chitseko. Dzanja likaphonya palibe chofufutira. Luso limeneli, lotchedwa sgraffito, lidakwera kuchokera ku Italy m'zaka za m'ma 1500, inu nimulipatsa nyumba zoyenera: makoma ochindikala, timazenera tolowa mkati koma totambasuka kunja kuti kuwala kulowe ndipo kuzizira kutsale, chitseko chachikulu chodutsa ngolo ya udzu, anthu ndi ng'ombe ndi udzu pansi pa denga limodzi, ndi benchi pakhomo loyang'ana kuchitsime cha mudzi kumene nkhani zonse zimathera. Asilikali a Austria adatentha Guarda mu 1622. Ana anu adamanganso, napakanso laimu, nakandanso. Gunda, vomera!

Ndinu Msungazakale. Ku Müstair, kumalire ndi Italy, kuli nyumba ya amonke imene idamangidwa cha m'ma 775, ndipo masisitere a Benedicto akupempherabe momwemo. Zithunzi za pamakoma ake n'za m'zaka zoyambirira za m'ma 800. Zidakwiriridwa ndi laimu kwa mibadwo yambiri mpaka amisiri adazivundukula pakati pa 1947 ndi 1951, ndipo UNESCO idaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1983. Ku Zillis, pafupi ndi phompho la Viamala limene apaulendo ankaliopa, denga la tchalitchi cha Martin Woyera lili ndi matabwa 153 ojambulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1100. Pakati pali moyo wa Yesu, m'mphepete muli nyanja yodzaza zilombo za michira ya nsomba. Alendo amatenga galasi m'manja kuti aone kumwamba khosi lisanatope. Anthu a m'mapiri, kutali ndi nyanja iliyonse, adajambula nyanja padenga, poti mantha a munthu ndi amodzi kulikonse.

Tsopano ng'oma zithamange, tafika pa dzina limene ana amalikonda. Ndinu Mwini Mabelu, Chidzutsaudzu, Mpirikitsachisanu! Pa 1 Malichi, tsiku la Chalandamarz, kusanache bwino, ana asukulu a ku Engadin amakhala atavala kale malaya abuluu a alimi ndi tizipewa tofiira. Aliyense wadzimangirira belu la ng'ombe, ndipo paliponse pali maluwa a mapepala amene adapindidwa masabata apitawo. Amandanda motsata kukula kwa belu: mwini belu lalikulu la mawu okhuthala atsogola, wa kabelu ka mbuzi atsalira kumchira. Anyamata akuluakulu ndiwo abusa, ang'onoang'ono ndiwo ng'ombe. Azungulira chitsime chilichonse cha m'mudzi, alowa khomo ndi khomo, aimba, mabelu ali ngwee! ngwee!, zikwapu zili thyapu! thyapu! pabwalo, mpaka phokoso ligunde phiri ndi kubwerera. Akuti chisanu chichoke, udzu umere. Eni nyumba awapatsa zakudya ndi ndalama, ndipo madzulo kuli phwando ndi magule. Kale tsiku lomweli ndilo lidali loika akuluakulu atsopano a mudzi pamipando yawo. Chipale chimakhala chikadali m'mawondo, koma mwana wa Grischun sadikira kuti chisanu chitsanzike chokha. Ku Scuol sachita kudikira ndi Malichi yemwe: Loweruka loyamba la Febuluwale amaluka chimunthu chachitali cha mapesi, usiku nkuchiyatsa moto.

M'mabelu amenewa mudabala buku. Selina Chönz adalemba, Alois Carigiet wa ku Trun adajambula, ndipo mu 1945 kudatuluka Schellen-Ursli, nthano ya kamnyamata kamene kadapatsidwa belu laling'ono kuposa onse, anzake nakaseka. Kadakwera kokha m'chipale kukafika kukanyumba ka kubusa kumene kudapachikidwa belu lalikulu, kadagona komweko makolo akukafunafuna, m'mawa nikatsika kudzatsogolera gulu. Chitseko chimene Carigiet adajambula chili ku Guarda mpaka lero, ndipo iye ndiye adali wojambula woyamba kulandira mendulo ya Hans Christian Andersen mu 1966.

Ndinu Make Oimba. Mudalera Fränzli Waser, wakhungu, wa fuko la Ayenishi oyendayenda, amene adabadwa mu 1858 namwalira mu 1895. Ankayenda mudzi ndi mudzi ndi klarineti ndi vayolini yake kuvinitsa maukwati, ndipo gulu la Ils Fränzlis da Tschlin likuimbabe m'dzina lake. Mudalera makwaya: ya amuna ya Ligia Grischa ya ku Ilanz idayamba mu 1852. Usiku wa chisanu ndi wautali, ndipo amene watsekeredwa ndi chipale amaphunzira kuvomera nyimbo ya mnzake. Mudalera oluka: ku Santa Maria, m'chigwa cha Müstair, amayi a ku Tessanda akuombabe nsalu pamanja chiyambire 1928.

Mbalule, lira pang'onopang'ono, tatchula maliro. Ndinu Mleraamasiye, ndinunso Mlanda-amene-mwalera. Giovanni Segantini adabadwira ku Arco mu 1858. Mayi ake adamwalira iye ali ndi zaka 7, adakulira m'misewu ya Milan ndi m'nyumba yosungira ana opulupudza, ndipo mpaka imfa yake adalibe dziko lomutcha nzika. Inu mudamulandira ku Savognin mu 1886, nimumukweza ku Maloja mu 1894. Iye adaona kuti kuwala kwa pamwamba panu sikufuna utoto wosakaniza, nayamba kuika timizere topyapyala ta mitundu yosiyana moyandikana, kuti diso la woona lisakanize lokha. Nsalu zake zikuluzikulu ankapita nazo kuphiri, najambulira panja: mayi ndi mwana m'khola, mlimi ndi pulawo, ng'ombe zobwerera madzulo, maliro otuluka m'nyumba pamene kavalo wa chileyi akudikira m'chipale. Mu Sepitembala 1899 adakwera Schafberg, pamwamba pa Pontresina, kuti akamalize chapakati mwa zithunzi zitatu za Moyo, Chilengedwe ndi Imfa, zimene ankakonzera chionetsero cha ku Paris cha 1900. M'kanyumba ka pamtunda wa mamita oposa 2,700 adadwala m'mimba, namwalira pa 28 mwezi womwewo ali ndi zaka 41. Zithunzi zitatuzo zili ku St. Moritz, m'nyumba imene idamangidwa mu 1908 pomukumbukira.

Amene adajambula nkhope yake ali chigonere adali mnzake wamng'ono, Giovanni Giacometti, wa ku Stampa kobisika dzuwa kuja. Ndinu Make a Giacometti! Giovanni adasandutsa khola kukhala chipinda chojambuliramo. Mbale wake Augusto adayatsa mazenera a matchalitchi a ku Chur ndi ku Zurich ndi magalasi amitundumitundu. Mwana wa Giovanni, Alberto, wobadwa mu 1901, adapita ku Paris mu 1922, nakhala m'kachipinda kothina pafupifupi zaka 40 akuumba anthu aatali, owonda, a mapazi olemera, oyenda osafika. Zala zake zinkangochotsa dongo mpaka patsale munthu yekhayekha, mng'ono wake Diego ali phee pampando kuti amuumbe. Chimodzi mwa ziboliboli zake, cha munthu woloza chala, chidagulidwa pa madola oposa 141 miliyoni mu 2015, ndipo nkhope yake idakhalapo pandalama ya mafaranki 100. Koma chaka ndi chaka ankabwerera kwa mayi ake, a Annetta, kukadya patebulo lawo ndi kuwajambula. Adamwalirira ku Chur mu 1966, ndipo adagona ku Borgonovo, mudzi umene adabadwira.

Ndinu Mlandiraalendo, Sing'anga wa Zifuwa. Odwala chifuwa chachikulu ankadza ku Davos kudzapuma mpweya wanu. Robert Louis Stevenson adamalizira komweko Treasure Island. Thomas Mann adadzazonda mkazi wake mu 1912, natulutsa Der Zauberberg mu 1924. Friedrich Nietzsche ankachita lendi kachipinda ku Sils Maria m'zilimwe za m'ma 1880. Ernst Ludwig Kirchner adafika wodwala mu 1917, najambula alimi anu ndi mitundu yoyaka, Lise Gujer akuluka zojambula zakezo pansalu. Boma la Nazi litachotsa ntchito zake zoposa 600 m'nyumba zoonetsera zithunzi za ku Germany mu 1937, iye adadzipha ku Davos chaka chotsatira. Mlendo ndi mame. Tawatchula, tapitirira.

Gunda, bwera patsogolo, pakuti ili ndilo dzina lalikulu. Ndinu Msungalilime! Aroma atagonjetsa mapiri anu m'chaka cha 15 Yesu asanabadwe, Chilatini cha asilikali ndi amalonda chidasakanikirana ndi malankhulidwe a eni nthaka, nichibala Chiromanshi. Mapiri adachitchinjiriza, mapiri omwewo adachigawa pasanu: Sursilvan, Sutsilvan, Surmiran, Puter ndi Vallader, chigwa chilichonse ndi kalembedwe kake. Mu 1560 Jachiam Bifrun wa ku Samedan adasindikiza Chipangano Chatsopano m'chinenero cha kwawo, kutseka pakamwa amene ankati cha abusa sichilembeka. Mlakatuli Peider Lansel wa ku Sent, mwana wa anamzeze aja, adachenjeza abale ake kuti asalole kumezedwa ndi Chitaliyana kapena Chijeremani. Mu 1919 mabungwe a chinenerochi adamanga mtolo umodzi, Lia Rumantscha. Otsatira Mussolini atalimbikira kunena kuti Chiromanshi ndi nthambi chabe ya Chitaliyana, Switzerland adayankha pa 20 Febuluwale 1938: amuna a dzikolo, pakuti amayi adali asanaloledwe kuvota, adavomera ndi mavoti oposa 91 pa 100 alionse kuti chikhale chinenero chachinayi cha dziko.

Ndinu a Saphulumira, a Dekhani. Mtanthauziramawu wanu wamkulu, Dicziunari Rumantsch Grischun, udayambika mu 1904, gawo loyamba lidatuluka mu 1939, ndipo pofika zaka za m'ma 2020 olemba ake adali akadali pachilembo cha M, akutola mawu a m'khola, a kumunda, a kukhitchini ndi a kumaliro, mudzi ndi mudzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1982 Heinrich Schmid wa ku Zurich adaluka kalembedwe kamodzi ka zigwa zonse, Rumantsch Grischun. Boma likulemba nako, koma katalowa m'sukulu makolo ambiri adati ana aphunzire cha pakhomo pawo, ndipo midzi yambiri idabwerera ku kalembedwe kake. Mkanganowo tikuutamandanso, pakuti anthu sakanganirana chinthu chakufa. Lero amene amati Chiromanshi ndicho chinenero chawo chachikulu ali pafupifupi 40,000, koma ali ndi nyuzipepala ya La Quotidiana, wailesi ndi kanema, sukulu ndi alembi. Luisa Famos wa ku Ramosch adasiya ndakatulo za mawu ochepa zimene zikuwerengedwabe. Leo Tuor adaweta nkhosa zilimwe zambiri kumtunda wa Greina, natsika ndi buku la Giacumbert Nau mu 1988.

Agogo anu adasiya chenjezo m'nyimbo yakale ya Sontga Margriata. Imasimba za mkazi amene adakhala kubusa pafupifupi zilimwe 7 atavala chachimuna. Kamnyamata katatsimikiza kuulula chinsinsi chake, iye adatsanzika, ndipo m'mbuyo mwake kasupe adauma, udzu udafota, ng'ombe zili misozi. Mpanje, lira modandaula, pakuti ndinunso a Zipsera. Mu 1954 mudzi wa Marmorera udamira pansi pa damu lopangira magetsi a mzinda wa Zurich, manda nasamutsidwa. Greina naye adatsala pang'ono kumira, koma anthu adaimirira mpaka mapulaniwo adasiyidwa mu 1986. Madzi oundana a Morteratsch abwerera m'mbuyo makilomita oposa awiri chiyambire zaka za m'ma 1800. Pa 23 Ogasiti 2017 Piz Cengalo adagumuka, anthu 8 oyenda m'mapiri adafa, ndipo napolo wa miyala ndi matope adatsikira ku Bondo. Chakudza sichiimba ng'oma. Koma chilonda chachikulu sichichita phokoso: nyumba zolembedwa zija zikugulidwa ndi olemera a m'mizinda amene amagonamo masabata ochepa pachaka, mazenera ali chitsekere, mwana wa mudzi akusowa pokhala. Mu 2012 anthu a Switzerland adavota kuti nyumba zotere zisapitirire 20 pa 100 zilizonse m'dera limodzi, koma m'midzi yambiri malirewo adali atadumphidwa kale.

Komabe ndinu Sagonja, Mmangapomwepo. Chipale chitagumuka ndi kugwetsa katchalitchi ka Sogn Benedetg ku Sumvitg mu 1984, Peter Zumthor, amene adayamba ndi ukalipentala, adamanga kena ka matabwa mu 1988, kooneka ngati tsamba. Ku Vals adasanja miyala 60,000 yosemedwa m'chigwa momwemo, natsegula nyumba yosambiramo madzi otentha a kasupe mu 1996, ndipo mu 2009 adalandira mphotho ya Pritzker. Ku Vrin, Gion Caminada adamangira mudzi wake makola, nyumba ndi chipinda cholirira maliro, zonse ndi mitengo ya komweko. Ku Riom, Giovanni Netzer adayambitsa zisudzo za Origen m'linga lakale, naimika nsanja yofiira ya matabwa pampata wa Julier kuyambira 2017 mpaka 2023, ovina akuvina mphepo ikuomba. Mu 2025 adatsegula ina yoyera, ya mamita 30, youmbidwa ndi makina a kompyuta, ku Mulegns, mudzi wotsala ndi anthu osakwana 20, ndipo maonekedwe ake akukumbutsa keke ya ophika zotsekemera aja.

Mayina tatchula, tsopano imvani chigamulo cha bwalo, a Grischun. Laimu adakandidwa ndi amene ankagona kuseri kwa khomalo. Nyimbo idapekedwa ndi amene chipale chidawatsekera. Mawu a mumtanthauziramawu adachokera m'kamwa mwa okama ng'ombe. Alendo abwere, aone, alipire, ajambule, koma pagule fumbi ndiwe mwini. Inu akuluakulu a zigwa, musagulitse nyumba yomaliza ya pachitsime, musatseke sukulu chifukwa ana achepa, musasiye mwana wanu akuchita lendi kuchigwa kwa eni. Mudzi wopanda ana ulibe woliza belu pa 1 Malichi.